Mutu 9: Kupeza ndi Kuzindikira Zizindikiro Zobisika M'pepala la Masitampa

Masitampa awiri akhoza kufanana chithunzi, mtundu wa inki, mtengo wolembedwa pamwamba ndiponso kuchuluka kwa timano ta m'mphepete, koma n'kukhala kuti anasindikizidwa m'zaka zosiyana ndi pamapepala osiyana, kotero kuti imodzi imapezeka paliponse pamene inzake ndi yosowa kwambiri. Kawirikawiri chimene chimawasiyanitsa ndi chizindikiro chobisika m'kati mwa pepala, chimene akatswiri amachitcha watermark, ndipo ndi chofanana ndi chija chimaoneka pa ndalama yapepala munthu akaikweza kuloza kumene kukuchokera kuwala. Chizindikiro chotere sichisindikizidwa ndi inki ndipo sichidindidwa pepala litauma, koma chimapangidwa nthawi imene pepalalo likuumbidwa. Aliyense wofuna kudziwa bwino sitampa yakale ayenera kuphunzira zinthu ziwiri zosiyana, zomwe ndi kuchititsa kuti chizindikirocho chioneke popanda kuwononga sitampa, ndi kudziwa motsimikiza kuti chimene chaonekacho ndi chizindikiro chiti.

Mmene chizindikiro chimalowera m'pepala

Pepala limapangidwa ndi timaulusi ta nsanza za thonje kapena ta mitengo, timene timasinjidwa m'madzi ambiri mpaka kusanduka phala lopyapyala. Kale wopanga pepala ankaviika sefa yawaya m'phalalo n'kuitukula, ndipo madzi akamadontha timaulusi tinkatsala pamwamba pa sefa titalukana. Amisiri a m'tauni ya Fabriano ku Italy, cha m'ma 1282, anayamba kupinda waya m'maonekedwe a mtanda, nyenyezi kapena zilembo n'kumusokerera pasefapo. Pamalo pamene pali wayayo pankakhala timaulusi tochepa, ndiye pepala likauma malowo ankakhala opyapyala kuposa ena onse, ndipo kuwala kunkadutsapo mosavuta.

Makina opangira pepala lalitali losadukiza atafala m'zaka zoyambirira za m'ma 1800, panafunika njira ina, ndipo m'zaka za m'ma 1820 ku England kunayambika chida chotchedwa dandy roll, chomwe ndi chigudumu chachitali chokutidwa ndi sefa yawaya imene pamwamba pake pamamatidwa tizithunzi tachitsulo. Chigudumuchi chimagudubuzika pamwamba pa pepala lidakali lonyowa, ndipo tizithunzi tija timakankhira timaulusi pambali n'kusiya maonekedwe ake m'pepalamo. Mfundo yoti chizindikiro ndi malo opyapyala a pepala ndiyo maziko a njira zonse zochipezera, pakuti njira iliyonse, kaya ya kuwala, ya mankhwala kapena ya makina, imangofuna kuonetsa kusiyana kwa malo ochindikala ndi malo opyapyala.

Chifukwa chimene maboma ankachifunira

Sitampa ndi umboni wakuti munthu walipira kale mtengo wotumizira kalata, choncho wokopera sitampa amabera boma monga amachitira wokopera ndalama. Sitampa yoyamba padziko lapansi, yotchedwa Penny Black, imene inayamba kugwira ntchito ku Britain pa 6 Meyi 1840, inasindikizidwa papepala lopangidwa pamanja pafupi ndi tauni ya Northampton, ndipo papepala lililonse la masitampa 240 panali tizisoti tachifumu 240, kuti sitampa iliyonse ikhale ndi kachisoti kake. Popeza tizisotito tinkapindidwa pamanja, sitinkafanana ndendende, ndipo akatswiri amatha kuona kusiyana kwake mpaka lero. Boma linkawerengera mapepala onse operekedwa kwa osindikiza, kotero kuti chizindikirocho chinkatchinjiriza kwa akuba akunja komanso kwa antchito a m'nyumba yosindikiziramo.

Maiko ena anatengera njirayi, ndipo ambiri anasankha chithunzi chogwirizana ndi malo awo. Masitampa a ngodya zitatu a Cape of Good Hope, amene anatuluka mu 1853, ali ndi nangula; a Jamaica a mu 1860 ali ndi chinanazi; a India a mu 1865 ali ndi mutu wa njovu; a Tonga a mu 1897 ali ndi akamba a m'nyanja; ndipo a South Africa a mu 1913 ali ndi mutu wa springbok, nyama yonga nswala. Dziko la United States linagwiritsa ntchito zilembo USPS, zojambulidwa ndi mizere iwiri kuyambira 1895 ndi mzere umodzi kuyambira 1910, kufikira linasiya cha m'ma 1916.

Mitundu ya zizindikiro ndi kakhalidwe kake

Zizindikiro za masitampa zimagawidwa molingana ndi mmene zinayalidwira papepala. Pali chizindikiro chokhala chokha, chimene chinakonzedwa kuti chigwere pakati pa sitampa iliyonse kamodzi. Pali chobwerezabwereza, chimene chinayalidwa mothithikana papepala lonse kotero kuti sitampa imodzi imakhala ndi zidutswa za zizindikiro zingapo. Ndipo pali chachikulu, chimene chimayanza pepala lonse kamodzi, moti sitampa ina imalandira kachidutswa chabe pamene ina silandira kanthu. Palinso dzina la kampani yopanga pepala, limene nthawi zina limapezeka pa masitampa ochepa a pepala lomwe kwenikweni linalibe chizindikiro cha boma.

Kakhalidwe ka chizindikiro nakonso n'kofunika. Chikhoza kukhala choongoka, chozondoka, chogona chammbali, kapena chotembenuka, kutanthauza kuti zilembo zake zikuwerengeka chobwerera chifukwa osindikiza anasindikiza mbali yolakwika ya pepala. Nthawi zina kakhalidwe kachilendo kamabwera mwangozi, pamene wantchito walowetsa pepala m'makina mozondotsa, ndipo masitampa otero amakhala osowa. Koma nthawi zina kamachokera ku kapangidwe, monga zinalili ku Britain kumene pafupifupi theka la masitampa ogulitsidwa m'timabuku linkakhala ndi chizindikiro chozondoka. Woyamba kumene amasokonezeka pamfundo imodzi, yakuti iye amayang'ana sitampa kuchokera kumbuyo, pamene zizindikiro zambiri zinakonzedwa kuti ziwerengeke bwino kuchokera kutsogolo. Motero zilembo zikaoneka zobwerera kumbuyo kwa sitampa, nthawi zambiri ndiye kuti zonse zili m'malo mwake, ndipo zikawerengeka bwinobwino kumbuyoko m'pamene pali chachilendo.

Chitsanzo cha masitampa a British Central Africa, Nyasaland ndi Malawi

Masitampa a maiko ambiri amene ankalamulidwa ndi Britain ankaitanitsidwa kudzera ku ofesi ya Crown Agents ku London, ndipo ochuluka ankasindikizidwa ndi kampani ya De La Rue pamapepala okhala ndi zizindikiro zimene zinkasintha nyengo ndi nyengo. Kuyambira cha m'ma 1863 panali chisoti chachifumu pamwamba pa zilembo CC. Mu 1882 kunabwera chisoti pamwamba pa zilembo CA. Mu 1904 chisoti ndi CA zinayamba kuyalidwa mobwerezabwereza, chifukwa pepala lotero linkagwira ntchito pa sitampa ya kukula kulikonse. Mu 1921 zilembo CA zinasintha n'kukhala zopendekera ngati zolembedwa pamanja. Ndipo mu 1957 kunabwera chisoti cha St Edward ndi zilembo zoongoka. Munthu wodziwa mndandanda umenewu amatha kuika sitampa m'nyengo yake ngakhale chidindo cha positi chitafufutika.

Mbiri ya masitampa a dziko limene lero ndi Malawi imasonyeza bwino phindu la chidziwitsochi. Masitampa a British Central Africa okhala ndi chithunzi cha chizindikiro cha boma la atsamunda, amene anatuluka mu 1895, analibe chizindikiro m'pepala, koma a chithunzi chomwecho a mu 1896 anali ndi chisoti ndi CA pamitengo yotsika, ndi chisoti ndi CC pamitengo yokwera. Masitampa a Mfumu Edward VII a mu 1903 ndi 1904 anasindikizidwa papepala la chizindikiro chokhala chokha, ndipo mu 1907 ena mwa iwo anasindikizidwanso papepala la chizindikiro chobwerezabwereza. M'chaka chomwecho dzina la dziko linasintha kukhala Nyasaland, ndipo masitampa a mapeni awiri (2d) ndi a mapeni anayi (4d) a gulu lachiwirili sanagulitsidwe m'mapositi, kupatula kuti ochepa chabe anafika m'manja mwa osonkhanitsa masitampa. Lero mtengo wa imodzi mwa iwo ndi mapaundi zikwizikwi, pamene anzake a mu 1903, amene amafanana nawo pamaso, amagulidwa ndi ndalama yochepa. Chimodzimodzinso masitampa a Nyasaland a Mfumu George V, amene anayamba mu 1913 ndi zilembo CA zoongoka n'kupitirira kuyambira 1921 ndi zilembo zopendekera, chithunzi chili chomwecho. Dziko litalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, masitampa ambiri a Malawi a zaka zotsatira anasindikizidwa papepala lokhala ndi atambala obwerezabwereza, ndipo uwu ndi umboni wakuti ngakhale chinthu chobisika m'pepala chinkatsata kusintha kwa ulamuliro.

Njira zochititsa chizindikiro kuoneka

Lamulo loyamba pantchitoyi n'lakuti munthu ayambe ndi njira yofatsa koposa, ndipo apite ku njira yamphamvu pokhapokha yofatsayo italephera. Sitampa sigwiridwa ndi zala, chifukwa thukuta ndi mafuta a pakhungu zimadetsa pepala ndi kusungunula guluu wa kumbuyo, koma imanyamulidwa ndi kambaniro kachitsulo kosalala kunsonga. Njira yoyamba ndiyo kuikweza kuloza kuwindo kapena kunyali n'kuiyang'ana kumbuyo, kuipendeketsa pang'onopang'ono kuti kuwala kugwere mbali zosiyanasiyana. Yachiwiri ndiyo kuigoneka chafufumimba pa chinthu chakuda chosalala, pakuti mdima wa pansipo umaonekera m'malo opyapyala. Pa masitampa a pepala lopyapyala, monga ambiri a m'zaka za m'ma 1800, njira ziwirizi zimakwanira, ndipo m'mphepete mwa pepala mopanda inki, ngati mudakali molumikizana ndi sitampa, ndi mmene chizindikiro chimaoneka bwino koposa.

Zikakanika, pamagwiritsidwa ntchito mankhwala amadzimadzi ouma msanga. Sitampa imagonekedwa chafufumimba m'kambale kakuda, ndipo pamadonthezedwa madontho awiri kapena atatu mpaka pepala lonse litanyowa. Pepala louma limaoneka loyera chifukwa pakati pa timaulusi pali mpweya umene umamwaza kuwala; mankhwala akalowa m'mipatamo, kuwala kumadutsa mpaka pakambale, ndipo malo opyapyala amayamba kuda ena asanade. Pamenepo chisoti chimatulukira ngati mizere yakuda pakati pa pepala lotuwa, ndipo chimaoneka bwino koposa pa nthawi ziwiri zazifupi, pamene mankhwala akungolowa ndi pamene atsala pang'ono kuuma. Wopenda wodziwa ntchito amakhala atatsegula kale buku lake la mndandanda wa masitampa ndi kukonzeka ndi galasi lokuza zinthu, kapena amajambula chithunzi ndi foni, kuti asanyowetse sitampa kawirikawiri. Mankhwala oyenera alibe madzi, n'chifukwa chake sasungunula guluu, ndipo sitampa ikauma imabwerera mmene inalili.

Njirayi ili ndi zoopsa zake, kwa munthu ndi kwa sitampa yomwe. Mankhwala ochokera ku petulo, monga benzine ndi mafuta a m'zoyatsira fodya, amayaka msanga ndipo mpweya wake suyenera kupumidwa m'chipinda chotseka. Benzine ndi wosiyana ndi benzene, amene amayambitsa khansa ya m'magazi ndipo sayenera kugwiritsidwa ntchito konse; carbon tetrachloride, amene ankakondedwa kale, anasiyidwa chifukwa amawononga chiwindi; ndipo mankhwala ena a gulu la CFC analetsedwa potsatira pangano la ku Montreal la mu 1987 loteteza mlengalenga. Kwa sitampa, ngozi ili pa inki, chifukwa masitampa ambiri a m'zaka za m'ma 1900 anasindikizidwa mwa njira yotchedwa photogravure, imene inki yake ina imasungunuka m'mankhwala a petulo. Madzi wamba ndi oopsa mwa njira ina, pakuti amachotsa guluu wa sitampa yosagwiritsidwa ntchito, komanso amasukulutsa inki zobiriwira ndi zofiirira zimene De La Rue inazipanga dala kuti zisuluke munthu akayesa kufufuta chidindo. Choncho n'kwanzeru kuyesa kaye mankhwala pa sitampa yotsika mtengo ya gulu lomwelo.

Palinso zida zosanyowetsa sitampa. Chida cha Morley-Bright, chochokera ku Britain, chili ndi kathumba kapulasitiki koonekera kokhala ndi inki yotsekeredwa m'kati. Kathumbako kakapanikizidwa pa sitampa, inkiyo imasonkhana m'malo olowa a pepala n'kujambula maonekedwe a chizindikiro popanda kukhudza sitampayo. Chida cha Signoscope, chopangidwa ndi kampani ya SAFE ku Germany, chimafinyira sitampa pa galasi lochindikala n'kuiwalitsa chammbali, kotero kuti malo opyapyala amaoneka ngati mthunzi. Magalasi amitundu amathandiza kuzimitsa mtundu wa inki kuti maso aone pepala lokha, ndipo masiku ano ambiri amajambula kumbuyo kwa sitampa ndi makina ojambulira mapepala n'kuonjezera pakompyuta kusiyana kwa kuwala ndi mdima.

Kuona si kuzindikira

Chizindikiro chikaoneka, ntchito imakhala itangofika pakati, chifukwa chimene maso aona chiyenera kuyerekezedwa ndi zithunzi za m'katalogi, lomwe ndi buku la mndandanda wa masitampa, monga la Stanley Gibbons la ku Britain, la Scott la ku United States, la Michel la ku Germany kapena la Yvert et Tellier la ku France. Wopenda wosamala amayamba watsegula katalogi kuti adziwe zizindikiro zimene zingatheke pa sitampayo, ndipo kawirikawiri zimakhala ziwiri kapena zitatu zokha. Kenaka amafunafuna mbali imene imazisiyanitsa. Pa masitampa a Nyasaland, mwachitsanzo, funso loyamba ndi lakuti kodi pali chisoti chimodzi pakati, kapena palinso zidutswa za zisoti ndi zilembo zina m'makona. Lachiwiri ndi lakuti kodi zilembo C ndi A n'zoongoka kapena n'zopindika ndi zopendekera. Deti la pachidindo cha positi nalonso ndi mboni, pakuti sitampa yodindidwa ku Zomba mu 1915 singakhale papepala limene linayamba mu 1921.

Zinthu zingapo zimavutitsa ntchitoyi. Pepala lopakidwa choko pamwamba, limene De La Rue inayamba kuligwiritsa ntchito m'zaka zoyambirira za m'ma 1900, ndi lochindikala ndipo limabisa chizindikiro, monganso amachitira mapepala achikasu, obiriwira ndi abuluu amene masitampa ena a Nyasaland anasindikizidwapo. Chidindo chakuda kwambiri, zotsalira za timapepala tomatira sitampa m'buku, ndi malo amene pepala linasupuka zikhoza kuoneka ngati mbali ya chizindikiro. M'mphepete mwa mapepala a Crown Agents munalinso mawu a zilembo zikuluzikulu, ndipo pepala likasendera posindikiza, sitampa ya kumalire inkalandira chidutswa cha chilembo chimene sichikupezeka pachithunzi cha m'katalogi. Chovuta koposa ndi kutsimikiza kuti sitampa ilibe chizindikiro konse, chifukwa pa masitampa a United States a zilembo za mzere umodzi kachidutswa ka chilembo kakhoza kubisala pakona penipeni, makamaka pa masitampa achikasu, ndipo wopupuluma amaganiza kuti wapeza sitampa ya gulu lopanda chizindikiro.

Nthawi zina chachilendo chimakhala chenicheni. Cha m'ma 1950 kachisoti kamodzi kanagwa pa dandy roll ya Crown Agents, ndipo kwa kanthawi pepala linkatuluka lili ndi mpata pamalopo. Pokonza anamatapo chisoti cha mtundu wina, cha St Edward, pakati pa zisoti zinzake. Masitampa ena a Seychelles ndi a Johore, pamodzi ndi masitampa olipiritsa makalata osakwanira mtengo a maiko angapo, ali ndi zolakwika ziwirizi, ndipo osonkhanitsa amazifuna kwambiri.

Sitampa imene idakali pa envulopu yake siyenera kumatulidwa pongofuna kuona chizindikiro. Envulopu yokhala ndi chidindo cha Blantyre, Karonga, Fort Johnston kapena Chinde, doko la ku Mozambique kumene boma la British Central Africa linali ndi positi yakeyake, imasunga umboni wa njira imene kalata inadzera, masiku a ulendo wake ndi mtengo umene unalipiridwa, ndipo zonsezi zimatayika sitampa ikachotsedwa. Pamenepa pamayesedwa kuwala kogwera chammbali kapena chida cha kathumba ka inki, ndipo zikakanika, deti la pachidindo limasiyidwa kuti liyankhe mpaka pamene lingathe.

Chinyengo ndi malire a umboni wa chizindikiro

Popeza chizindikiro chimatha kukweza mtengo wa sitampa, anthu achinyengo akhala akuyesa kuchipanga. Ena amapala kumbuyo kwa pepala ndi kampeni, ena amadinda ndi chitsulo, ndipo ena amajambula ndi mafuta kapena phula kuti malowo aonekere. M'kambale kakuda zachinyengo zotere kawirikawiri zimaululika, chifukwa m'mbali mwa chizindikiro chenicheni mumakhala mofewa, poti timaulusi tinasendera pepala lidakali lonyowa, pamene chopala chimakhala ndi timaulusi tothothoka, chodinda chimakhala chakuthwa mopitirira, ndipo chamafuta chimasungunuka kapena kuzimirira. Mankhwala omwewo amaonetsanso mikwinya, malo ong'ambika amene anamatidwa, ndi zigamba za pepala zoikidwa mochenjera.

Komabe chizindikiro cholondola sichitsimikiza pachokha kuti sitampa ndi yeniyeni. Jean de Sperati, wokopera masitampa wotchuka amene anabadwira ku Italy n'kumagwira ntchito yake ku France, ankatenga sitampa yeniyeni yotsika mtengo, kuchotsa inki yake ndi mankhwala, n'kusindikiza chithunzi cha sitampa yosowa papepala lomwelo, kotero kuti pepala, timano ndi chizindikiro zonse zinali zenizeni. Ntchito yake inasokoneza msika mpaka bungwe la British Philatelic Association linagula katundu wake yense m'zaka za m'ma 1950. N'chifukwa chake chizindikiro chimawerengedwa pamodzi ndi umboni wina, monga njira ya kasindikizidwe, mtundu wa inki, timano ndi chidindo.

Dziko la Britain linasiya kuika zizindikiro m'pepala la masitampa ake mu 1967, ndipo maiko ambiri anachita chimodzimodzi, chifukwa mapepala osalala ofunika pa kusindikiza kwamakono, pamodzi ndi inki zowala pansi pa nyali zapadera, anabweretsa chitetezo cha mtundu wina. Izi zikutanthauza kuti masitampa okhala ndi zizindikiro za chisoti, nangula kapena mutu wa njovu sadzachulukanso, ndipo iliyonse yowonongeka ndi mankhwala olakwika kapena ndi manja opupuluma yatayika kotheratu. Wopenda wabwino amalemba chimene waona, njira imene wagwiritsa ntchito ndi mbali imene wayang'anira, ndipo pamene umboni sukukwanira amalemba kuti sukukwanira, osasankha chizindikiro cha mtengo wokwera chifukwa choti mtima ukuchilakalaka. Sitampa imene ikuoneka kuti ingakhale yosowa imatumizidwa kwa akatswiri, monga komiti ya bungwe la Royal Philatelic Society London imene yakhala ikupenda masitampa ndi kupereka ziphaso kuyambira mu 1894, ndipo iyenera kufika kumeneko ili yosasinthika, kuti openda a m'tsogolo, amene adzakhale ndi zida zoposa za lero, adzaipeze ikadali ndi umboni wake wonse.